Madera a m'malire: momwe atsamunda ankawalamulira ndi chifukwa chake mavuto ake sanathe

Munthu amene amatsatira nkhani za kunja amazindikira msanga kuti m'mayiko ambiri amene anali m'manja mwa Britain, mfuti sizilira kwambiri ku likulu la dziko, koma kutali, kumapiri ndi kuzipululu za m'malire. Ku Pakistan timamva za Waziristan, ku India za Nagaland ndi Manipur, ku Myanmar za Kachin ndi Shan, ku Kenya za Wajir, Garissa ndi Mandera, ndipo dziko la South Sudan linali chigawo chakutali cha Sudan lisanadzipatule mu 2011. Ofotokoza nkhani mothamanga amakonda kunena kuti anthu a kumeneko ndi okonda nkhondo chibadwire, kapena kuti gwero la zonse ndi kusiyana kwa mitundu ndi zipembedzo. Kusiyanako kulipo ndithu, koma sikutiuza chifukwa chimene anthu otalikirana chonchi, osadziwana n'komwe, ali ndi madandaulo ofanana. Chimene chimawalumikiza ndi kalamuliridwe: atsamunda anawaika pansi pa malamulo osiyana ndi a anzawo a m'dziko lomwelo, ndipo maboma amene analowa m'malo mwa atsamundawo anasunga malamulo amenewa kwa zaka zambiri.

Malire ndi dera la m'malire si chinthu chimodzi

Malire ndi mzere wa pa mapu umene mayiko awiri amavomerezana kuti ulamuliro wa lina ukuthera pomwepo ndipo wa linzake ukuyambira pomwepo. Dera la m'malire, m'maganizo a atsamunda, linali chinthu china: chigawo chotambalala chimene chinali mkati mwa mzerewo, koma kunja kwa ulamuliro wa tsiku ndi tsiku wa makhoti, msonkho, sukulu ndi apolisi.

Maganizo amenewa anakhwimira kumpoto chakumadzulo kwa India. Angerezi atalanda Punjab mu 1849 anafika m'tsinde mwa mapiri a anthu a mtundu wa Pashtun, ndipo kuseri kwa mapiriwo kunali Afghanistan, kuseri kwa Afghanistan kunali ufumu wa Russia umene ankauopa kwambiri. Atamenya nkhondo ziwiri zowawa ndi Afghanistan, mu 1893 anatumiza Mortimer Durand ku Kabul kukagwirizana ndi mfumu Abdur Rahman Khan za mzere wotalika makilomita pafupifupi 2,600, umene unadula pakati dziko la anthu a Pashtun. Kuchokera apo panakhala magawo atatu. Loyamba linali la zigwa monga Peshawar, kumene kunali makhoti ndi okhometsa msonkho. Lachiwiri linali la mapiri, pakati pa zigwazo ndi mzere wa Durand, kumene Britain inkati ndi kwake koma osakhazikitsako boma lenileni. Lachitatu linali Afghanistan mwiniwake, amene nkhani zake za ubale ndi mayiko ena zinali m'manja mwa Britain mpaka 1919. Mu 1901 Curzon, bwanamkubwa wa India, anachotsa magawo awiri oyambawo ku Punjab n'kupanga chigawo chapadera chotchedwa North-West Frontier Province.

Tingayerekeze gawo lapakatilo ndi malo amene mlimi amalambula kuzungulira munda wake kuti moto wolusa usalowe. Malowo ndi ake, amawayang'anira, koma sadzalapo kanthu, chifukwa ntchito yake ndi kuteteza zimene zili mkati. Kusiyana kwake n'kwakuti pa malo olambulidwa ndi atsamunda pankakhala anthu miyandamiyanda. Panalinso nkhani ya ndalama, imene nthawi zambiri inkaposa ya chitetezo. London inkafuna kuti dziko lililonse lolamulidwa lizidzilipirira lokha, ndipo mapiri ndi zipululu sizinkatulutsa msonkho wokwanira kulipira oweruza, aphunzitsi ndi omanga misewu.

Madera otsekedwa

Dera lotsekedwa linali dera limene munthu sankaloledwa kulowamo, ndipo nthawi zina kutulukamo, popanda chiphaso cha bwana wa boma. Chitsanzo chakale ndi cha kumpoto chakum'mawa kwa India, kumene lamulo la 1873 lotchedwa Bengal Eastern Frontier Regulation linajambula mzere wamkati, Inner Line, m'tsinde mwa mapiri a Assam. Eni minda ya tiyi ndi amalonda a mphira ndi minyanga ankakangana kawirikawiri ndi anthu a kumapiri, ndipo mkangano uliwonse unkakakamiza boma kutumiza asilikali pa mtengo waukulu. Mzerewo unathetsa vutolo poletsa anthu a m'zigwa kukwera kumapiri kapena kugulako malo. Pansi pa lamulo la 1935, pamene zigawo za India zinapatsidwa mphamvu zodziyendetsera zinthu zambiri kudzera mwa aphungu osankhidwa, mapiri a Naga ndi a Lushai anatchulidwa kuti ndi madera opatulidwa, n'kutsala m'manja mwa bwanamkubwa yekha.

Ku Kenya, chigawo chouma cha kumpoto, Northern Frontier District, chinatsekedwa ndi malamulo a 1902 ndi 1926, kenako lamulo la 1934 linapatsa mabwana a boma mphamvu zogawa msipu ndi zitsime malinga ndi mafuko, kulanda ziweto ndi kumanga anthu. Britain inkaona chigawochi ngati chotchinga pakati pa minda ya azungu ya kumapiri apakati ndi Ethiopia komanso Somalia ya Italy. Sukulu zinali zowerengeka, misewu yabwino kunalibe, ndipo mpaka posachedwa anthu a kumeneko akamapita kumwera kudutsa Isiolo ankati akupita ku Kenya.

Ku Sudan nkhani inapita patali kuposa apa. Lamulo la 1922 linalola kutseka zigawo za kumwera, ndipo mu 1930 boma linalemba mfundo yakuti kumwera kuziyenda njira yakeyake: amalonda achiarabu achotsedwe, Chiarabu chisagwiritsidwe ntchito m'maofesi, ndipo maphunziro asiyidwe m'manja mwa amishonale. Kumpoto kunali njanji, minda yaikulu ya thonje ya Gezira ndi koleji ya Gordon ku Khartoum. Kumwera kunalibe chofanana nazo.

Apa m'pofunika kusamala, chifukwa kutseka dera kunali ndi nkhope ziwiri. Mabwana ena ankakhulupirira moona mtima kuti akuteteza anthu kwa olanda malo, obwereketsa ndalama mwakatapira ndi ogulitsa akapolo, ndipo ku Sudan mbiri ya malonda a akapolo inali yeniyeni ndi yaposachedwa. Kumapiri a India malo anatsaladi m'manja mwa eni ake, zimene sizinachitike m'zigwa za tiyi. Koma mpanda umene unatsekereza wolanda malo unatsekerezanso mphunzitsi, nyuzipepala ndi chipani cha ndale, kotero kuti pamene gulu lomenyera ufulu linkakula m'mizinda, anthu a m'malire sanali nawo m'kati mwake.

Lamulo lapadera ndi chilango cha mtundu wonse

Chilango cha mtundu wonse ndi mfundo yakuti munthu mmodzi akalakwa, banja lake, mudzi wake kapena fuko lake lonse lilangidwe. Lamulo lodziwika kwambiri pa mfundo imeneyi ndi Frontier Crimes Regulation, limene linakhazikika mu 1901 m'madera a anthu a Pashtun kuchokera pa malamulo ena a m'mbuyo. Pansi pa lamuloli, bwana woimira boma m'dera lililonse la kumapiri anali wolamulira, wapolisi ndi woweruza nthawi imodzi. Mlandu ankaupereka ku bwalo la akuluakulu lotchedwa jirga, koma ndiye ankasankha okhala pabwalopo, ndipo sankakakamizidwa kutsatira chigamulo chawo. Ankatha kulipitsa chindapusa fuko lonse, kumanga abale a woganiziridwa, kugumula nyumba, kutseka masitolo a anthu a fukolo ngakhale ali m'mizinda yakutali, ndi kusunga munthu m'ndende mpaka zaka 3 pongomukayikira. Anthu a kumeneko ankalifotokoza mwachidule lamuloli kuti linawamana zinthu zitatu: apilo, loya ndi mwayi wopereka umboni.

Chilango chikalephera, pankabwera gulu la nkhondo kudzatentha midzi ndi mbewu kenako n'kubwerera, ndipo nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha ntchitoyi inayamba kugwiridwa ndi ndege zoponya mabomba, makamaka ku Waziristan. Ku Kenya chilango chofanana nacho chinali kulanda ng'ombe ndi ngamira za fuko lonse. Kuti tione kukula kwa kusiyanaku, tiganizire anthu awiri oganiziridwa mlandu umodzi wa kuba, wina ku Lahore, mzinda wa ku Punjab, wina ku Waziristan, m'chaka chimodzi ndi pansi pa mfumu imodzi ya Britain. Wa ku Lahore ankaonekera pamaso pa woweruza, ankatha kulemba loya ndi kukachita apilo. Wa ku Waziristan ankatha kupeza kuti m'bale wake ali m'ndende m'malo mwake ndipo nyumba ya makolo ake yagwetsedwa.

Oikira kumbuyo lamuloli ankati likungotsatira mwambo wa anthuwo, poti kumeneko fuko ndilo limayankha mlandu wa mwana wake. Mwambowo unalipodi, koma pa mwambo akuluakulu ankakambirana ngati anthu ofanana mphamvu, pamene pansi pa lamuloli mawu omaliza anali a mlendo amene sankayankha kwa aliyense wa iwo.

Kulamulira kudzera mwa atsogoleri olipidwa

Popeza mabwana achizungu anali ochepa kwambiri, ulamuliro unkadutsa mwa atsogoleri a komweko. Kumapiri a Pashtun anali akuluakulu otchedwa malik, amene ankalandira ndalama chaka ndi chaka kuti asunge mtendere m'misewu. Ku Burma, imene lero ndi Myanmar, mafumu a Shan anasiyidwa pa mipando yawo, ndipo madera a Shan, Kachin ndi Chin ankayendetsedwa padera ndi chigwa cha anthu a Bamar. Njira imeneyi inali yotsika mtengo, koma inasintha udindo wa mtsogoleri: amene kale ankadalira ulemu wa anthu ake tsopano ankadalira thumba la boma. Ku Burma kunawonjezereka chinthu china chimene chinadzabala udani, chakuti asilikali ambiri ankalembedwa kuchokera kwa a Karen, a Kachin ndi a Chin, pamene a Bamar, amene ndiwo ochuluka, kwa nthawi yaitali sankalembedwa kawirikawiri.

Tsiku la ufulu

Vuto lenileni linaonekera pamene atsamunda ankalongedza katundu wawo. Madera amene analekanitsidwa kwa zaka makumi ambiri anaphatikizidwa mofulumira ndi mayiko amene anthu ake sankawadziwa bwino.

Ku Sudan mfundo yopatula kumwera inatayidwa mu 1946, ndipo msonkhano wa ku Juba wa 1947 unatsimikiza kuti dziko likhala limodzi. Pamene ntchito za m'boma pafupifupi 800 zinkachoka m'manja mwa azungu mu 1954, anthu a kumwera anapatsidwa zosakwana 10. Asilikali a kumwera anagalukira ku Torit mu Ogasiti 1955, miyezi yochepa ufulu wa pa 1 Januwale 1956 usanafike. Nkhondo yoyamba inatha ndi pangano la ku Addis Ababa mu 1972, yachiwiri inayamba mu 1983 n'kutha mu 2005, ndipo pa riferendamu ya 2011 anthu oposa 98 pa 100 alionse anasankha kudzipatula.

Ku Kenya, Britain inatumiza komiti mu 1962 kukafunsa anthu a kumpoto, ndipo komitiyo inapeza kuti Asomali ambiri ankafuna kulowa m'dziko la Somalia, ngakhale magulu ena a m'chigawocho ankafuna kukhalabe ku Kenya. Mu Malichi 1963 nduna ya Britain Duncan Sandys inalengeza kuti chigawocho chikhalabe mbali ya Kenya. Somalia inadula ubale ndi Britain, ndipo patangopita masabata ochepa kuchokera pa ufulu wa pa 12 Disembala 1963, boma la Jomo Kenyatta linalengeza malamulo a nthawi ya zoopsa kumpoto chakum'mawa. Nkhondo imene boma linaitcha ya shifta, kutanthauza achifwamba, inapitirira mpaka pangano la ku Arusha la 1967, limene mkhalapakati wake anali Kenneth Kaunda.

Ku Burma, Aung San, mtsogoleri wa omenyera ufulu, anasainirana pangano la Panglong ndi atsogoleri a Shan, Kachin ndi Chin pa 12 Febuluwale 1947, kuwalonjeza kudziyendetsera zinthu zawo zam'kati. Iye anaphedwa mu Julayi chaka chomwecho, a Karen amene sanasaine panganolo anayamba nkhondo mu 1949, ndipo asilikali a Ne Win atalanda boma mu 1962 anati akupulumutsa dziko kuti lisagawanike. Ku India, atsogoleri a Naga analengeza ufulu wawo pa 14 Ogasiti 1947, tsiku limodzi India isanalandire wake. Afghanistan nayo inavota kukana kuti Pakistan ilowe mu United Nations mu 1947 chifukwa cha mzere wa Durand, umene maboma a ku Kabul akhala akuukana kufikira lero.

Chifukwa chake maboma atsopano sanafafanize malamulowa

Funso limene limasautsa owerenga ambiri ndi lakuti, atsogoleri amene iwo eni anamangidwapo ndi atsamunda anasungiranji malamulo a atsamundawo? Mbali ina ya yankho ndi mantha enieni. Maboma atsopano anali ofooka, oyandikana nawo ena ankafunadi madera a m'malirewo, ndipo ankaopa kuti chigawo chimodzi chikachoka zina zitsatira. N'chifukwa chake msonkhano wa Organisation of African Unity ku Cairo mu 1964 unagwirizana kulemekeza malire amene mayiko anawapeza pa tsiku la ufulu, ngakhale Somalia ndi Morocco sanavomereze. Mbali ina ya yankho ndi yakuti malamulowo anali okoma kwa wolamulira aliyense, chifukwa ankamupatsa mphamvu popanda khoti lomufunsa.

Pakistan inasunga Frontier Crimes Regulation kwa zaka 71 chilandirireni ufulu. Malamulo oyendetsera dziko a 1973 ananena kuti malamulo opangidwa ndi nyumba ya malamulo sagwira ntchito m'madera a mafukowo pokhapokha pulezidenti atalamula, ndiponso kuti makhoti akuluakulu alibe mphamvu kumeneko. Munthu wamba wa kumeneko anavota koyamba mu 1997, ndipo zipani za ndale zinaloledwa mu 2011. Dera lopanda khoti, lopanda chipani ndi lopanda apolisi wamba linakhala malo abwino osonkhanitsirako ankhondo olimbana ndi Soviet Union ku Afghanistan kuyambira 1979, kenako pobisalira a Taliban ndi al-Qaeda pambuyo pa 2001. Akuluakulu ambiri a mafuko anaphedwa ndi zigawenga, ndipo nkhondo ya asilikali a boma ku North Waziristan mu 2014 inasamutsa anthu mazana a zikwi.

India inapanga lamulo la Armed Forces Special Powers Act mu 1958 polimbana ndi zigawenga za Naga, ndipo linatengera lamulo limene Angerezi anapanga mu 1942 pofuna kuthana ndi omenyera ufulu wa India yemweyo. Limalola msilikali kuwombera, kumanga ndi kufufuza m'nyumba popanda chilolezo cha khoti m'dera limene lalengezedwa kuti muli chisokonezo. Ku Kenya malamulo apadera a kumpoto chakum'mawa anakhalapo mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo chikalata cha ndondomeko ya chuma cha 1965 chinanena kuti ndalama za chitukuko ziyambe kupita kumadera a nthaka yabwino ndi mvula yokwanira. Mu Febuluwale 1984 asilikali anasonkhanitsa amuna a fuko la Degodia pabwalo la ndege la Wagalla pafupi ndi Wajir; boma linati anafa 57, pamene opulumuka ndi ofufuza a pambuyo pake anatchula chiwerengero chachikulu kwambiri kuposa chimenecho. Kusonkhanitsa amuna a fuko lonse chifukwa cha mfuti za ochepa ndi mfundo yomwe ija ya 1934, ndipo m'povuta kuiwerenga nkhaniyi mwa njira ina.

Zimene zasintha

Malamulo oyendetsera dziko la Kenya a 2010 anagawa mphamvu ndi ndalama ku makaunti 47 ndi kukhazikitsa thumba lapadera lothandiza madera otsalira, ndipo msewu wa phula wochokera ku Isiolo unafika ku Moyale. Mu Febuluwale 2025 pulezidenti William Ruto analengeza ku Wajir kutha kwa kafukufuku wapadera amene anthu a m'malire ankadutsamo asanapatsidwe chitupa cha unzika. Pakistan inathetsa lamulo la 1901 mu Meyi 2018 pophatikiza madera a mafuko ndi chigawo cha Khyber Pakhtunkhwa, chimene kale chinkatchedwa North-West Frontier Province, ndipo anthu a kumeneko anasankha aphungu a nyumba ya malamulo ya chigawocho koyamba mu 2019. Ku India kunachitika chinthu chodabwitsa: chiphaso cha Inner Line, chimene chinayamba ngati chida cha atsamunda, lero chimatetezedwa ndi anthu a kumapiri eni ake ku Arunachal Pradesh, Nagaland ndi Mizoram, ndipo anthu a ku Manipur anachimenyera mpaka anapatsidwa mu 2019, poopa kuchulukidwa ndi obwera.

Mafunso amene akadali poyera

Akatswiri a mbiri sagwirizana pa kukula kwa mlandu wa atsamunda. Ena amati mapiri ndi zipululu zinali zovuta kulamulira ngakhale kwa mafumu a Mughal a ku India, a Burma ndi a Ethiopia azungu asanabwere, kotero atsamunda anangolemba m'malamulo kusiyana kumene anakupeza. Ena amayankha kuti kale anthu a kumapiri ndi a m'zigwa ankagulitsana malonda, kukwatirana ndi kumenyana momasuka, ndipo mzere wa chiphaso ndi umene unaumitsa kusiyanako. Nkhani ya Mizoram imavutitsa mbali zonse ziwiri: linali dera lopatulidwa la mapiri a Lushai aja, mzinda wake wa Aizawl unaphulitsidwa ndi ndege za India mu 1966, komabe pangano la 1986 lagwira ntchito ndipo chigawochi ndi chimodzi mwa zimene anthu ake ambiri amadziwa kulemba ndi kuwerenga m'dzikolo. Nanga n'chiyani chinatheka kumeneko chimene chikukanika ku Nagaland, kumene zokambirana zoyamba mu 1997 sizinafikebe kumapeto?

Sizikudziwikanso ngati mankhwala ake ndi kuphatikiza kapena kupatula. South Sudan inadzipatula, koma inagwa m'nkhondo yapachiweniweni mu Disembala 2013. Madera a mafuko ku Pakistan anaphatikizidwa, koma anthu ake akudandaula kuti ndalama zolonjezedwa sizikufika mokwanira, makhoti ndi apolisi akadali ochepa, ndipo zigawenga zayambanso kulimba kuyambira pamene a Taliban anabwerera ku Kabul mu 2021. Ku Kenya kugawa mphamvu kwabweretsa zipatala ndi misewu, koma kwautsanso mikangano ya mafuko yolimbirana mipando ya m'makaunti. Ndipo pali funso limene boma lililonse mwa awa limakumana nalo pamene zigawenga zenizeni, monga al-Shabaab kapena Tehrik-i-Taliban Pakistan, zikudutsa malire ndi kupha anthu: lingateteze bwanji nzika zake popanda kubwerera ku malamulo apadera amene amasandutsa fuko lonse kukhala oganiziridwa? Ku Myanmar, kumene magulu a Kachin, Karen, Chin ndi ena akhala akumenyana ndi asilikali amene analanda boma mu 2021, sizinadziwikebe ngati mbali zonse zingagwirizane pa tanthauzo la kudziyendetsera zinthu kumene kunalonjezedwa ku Panglong, kapena kuti ndani angakhale ndi mphamvu yosaina pangano lotere m'malo mwa dziko lonse.